Mwana wa ku Ndirande Akakana Nsomba

M'makomo mwathu muno m'mbali mwa nyanja, kuyambira kwa Makanjira, ku Malindi ndi kwa Mponda mpaka ku Chipoka, ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, muli dandaulo limene limabuka nthawi ya tchuthi cha sukulu ndi m'masiku a Eid, ana athu a ku Blantyre akabwera ndi mabanja awo. Agogo aphika chambo chovuulidwa m'mawa womwewo, koma mdzukulu wobadwira ku Bangwe wangonyema nsima n'kumadyera masamba okha, ndipo mpongozi wokulira ku Chilomoni wafunsa monong'ona ngati m'nyumba muli dzira. Kwa munthu wa kunyanja zimenezi zimabaya mtima. Nsomba ndiwo ulemu umene tili nawo wolandirira mlendo, choncho woikana amaoneka ngati wakana eni khomo. Mawu akuti “matama a m'tauni” sachedwa kutuluka, ndipo alipo mabanja amene ubale wawo unayamba kuzirala chifukwa cha mbale imodzi yobwerera kukhitchini yosakhudzidwa.

Ife tikuona kuti mlanduwu umagamulidwa mofulumira kwambiri. Mwana wa m'tauni akamakankha mbale, kawirikawiri m'mutu mwake muli nsomba ina, imene anaidziwira pamulu wa mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe, ndipo nsomba imeneyo ili ndi mbiri ya zaka zoposa 100. Tikaidziwa mbiriyo, tidziwanso mphika woyambira pomunyengerera.

Mzinda wa Blantyre si wachilendo kwa ife monga umaonekera. Pamene amishoni a Church of Scotland ankafika kumeneko mu 1876, anapeza dzikolo lili m'manja mwa mafumu a Chiyao monga Kapeni, amene anali atabwera ndi anthu awo kuchokera ku mapiri a Mangochi zaka zochepa m'mbuyomo. Dzina la Machinjiri, limene lero timalidziwa ngati dera lalikulu la nyumba, ndi la ufumu wa mtundu womwewo. Koma mzindawu unamangidwa kumtunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo timitsinje take, Mudi, Naperi ndi Likhubula, sitingadyetse mzinda nsomba. Nsomba za m'misika yake zimachita kubwera: kuchokera ku Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 190, kuchokera ku nyanja ya Chilwa kudzera pa doko la Kachulu ndi ku Zomba, kapena kukwera chitunda kuchokera ku madambo a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Anthu nawo anachita kubwera. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaitcha Mandala, inayamba mu 1878. Njanji inafika mu 1908, ndipo nthawi yomweyo kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ku Limbe. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalamazo zinali kumtunda. Motero anyamata a ku Fort Johnston, dzina la Mangochi m'masiku amenewo, anayamba kulowera ku Blantyre. Ambiri anali Asilamu, ophunzitsidwa ndi mashehe a m'badwo wa Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje. Popeza sukulu za nthawiyo zinali za mishoni, ndipo makolo ankaopa kuti ana awo akasiya Chisilamu, ntchito za ukalaliki zinawadutsa. Anakhala atelala, alonda, asilikali, ogulitsa malonda, ndi ophika m'nyumba za Azungu ndi Amwenye. Pakati pa tauni munthu wakuda ankangogwirapo ntchito. Kogona kunali kunja kwa malire, ndipo umu ndi mmene Ndirande inakulira. Blantyre ndi Limbe zitaphatikizidwa mu 1956, komanso bungwe la Malawi Housing Corporation litakhazikitsidwa mu 1964 n'kumagawa mapuloti m'madera monga Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu, anthu a kunyanja anamanga, anakwatira, anabereka. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, yotsegulidwa mu 1967 m'munsi mwa Ndirande, inakokanso ena.

Tsono taganizani za Msilamu wa m'zaka za m'ma 1930 kapena 1950 ataima mumsika wa tauni imene Asilamu anali ochepa. Nyama ikulendewera, koma waizinga ndani? Anatchula dzina la Allah? Mpeni womwewo sunadule nkhumba? Zikalata za halaal zimene timaziona lero zitapachikidwa m'mabutchala kunalibe. Nsomba yokha ndiyo inalibe mafunso. Mu Surat Al-Ma'idah ndime ya 96, Allah anatiloleza zimene timasaka m'nyanja, ndipo mu Surat An-Nahl ndime ya 14 nyama yaiwisi ya m'nyanja yawerengedwa pamodzi ndi madalitso Ake ena. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti nsomba ndi dzombe zimadyedwa popanda kuzinga. Maulama a mazhabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, anapeputsanso nkhani ya tinsomba ting'onoting'ono, kuti tikhoza kudyedwa tosatumbula chifukwa kutumbula kamodzikamodzi n'kovuta. Usipa ndi matemba zili m'chilolezo chimenechi. Makolo athu anatsutsanapo kolimba za nyama ya mvuu, ena ati ndi ya m'madzi, ena ati ayi, koma nsomba inalibe mlandu wotere. Wogulitsayo kaya apemphera kuti, Msilamu ankagula mtima uli m'malo. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri za Asilamu a m'tauni nsomba inkabwera pafupifupi tsiku ndi tsiku.

Koma inali nsomba yotani? Kusanabwere ayezi ndi misewu ya tara, nsomba yopita kumtunda inkayenera kuumitsidwa kapena kuwambidwa. Usipa ndi utaka zinkayanikidwa pamchenga wa pagombe. Chambo chinkang'ambidwa n'kuwambidwa pautsi. Kenako amalonda ankalongeza m'madengu, kumangirira pa njinga za kapalasa, n'kuyenda masiku angapo, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukwera ku Zomba, mpaka ku Limbe. M'dzinja nsomba sizinkauma bwino, ntchentche zinkaikira mazira, ndipo zouma zikakhalitsa m'dengu tizilombo tinkazifumbula. Mafuta a nsomba akakhala nthawi yaitali padzuwa ndi pamphepo amasintha n'kuyamba kuwawa pakhosi. Chimene anthu a kumtunda amachitcha fungo la nsomba ndi fungo la nsomba imene yayamba kuwonongeka, pakuti aliyense wa ife akudziwa kuti chambo chongotuluka m'khoka chimangomveka madzi a m'nyanja.

Nsomba zabwino zinkafika ndithu, koma zinali ndi eni ake. M'zaka za m'ma 1930 abale a banja la Chigiriki la Yiannakis anayamba usodzi waukulu kumwera kwa nyanja, ndipo anadzakhala ndi maboti a injini, makoka akuluakulu ndi malole. Boma linaitanitsa akatswiri kudzawerenga chuma cha m'nyanjamo: mu 1939 kunabwera gulu limene munali Ethelwynn Trewavas, ndipo kuyambira 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anafufuza moyo wa chambo. Malole ankapereka chambo ku mahotela, ku nyumba za opeza bwino, ku maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo china chinkadutsa malire mpaka ku Salisbury, zimene zinadandaulitsa eni dziko. Dziko litalandira ufulu, usodzi waukuluwu unapita m'manja mwa Maldeco. Motero mu Blantyre munali nsomba ziwiri. Ina inali yoyera, yochotsedwa minga, yokhala pambale ya ku hotela ngati Ryall's ndi kachidutswa ka ndimu pambali, ndipo si zachilendo kuti woiphikayo anali mwana wa ku Mangochi. Ina inali ya pamulu, yamchenga, imene wophika yemweyo ankagulira ana ake akamaweruka madzulo.

Zinthu zinadzaipiraipira. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana pafupifupi makilogalamu 14 pachaka. Pofika m'zaka za m'ma 2000 sankafikanso theka la mlingo umenewo. Ku nyanja ya Malombe, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunkaphedwa chambo chokwana matani masauzande angapo pachaka, chinatha m'zaka khumi zokha, n'kutsala kambuzi. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, matemba n'kusowa m'misika. Chambo chinakwera mtengo n'kusanduka ndiwo ya olemera, ndipo kwa munthu wa m'mapuloti kunatsala usipa ndi mng'ono wake bonya. Mwana wobadwira ku Zingwangwa m'zaka za m'ma 1990 anakula akudziwa kuti bonya akabwera masiku atatu otsatizana, malipiro a bambo atha. Akapita ku sukulu yogonera komweko anakapeza usipa wowiritsidwa m'mphika waukulu, madzi ochuluka kuposa nsomba. Munthu wotere akakula n'kupeza ntchito, kusiya nsomba kumakhala ngati kutsanzikana ndi umphawi. Mchenga wa m'mano, kuwawa kwa pakhosi, munga umene unamubaya ali ndi zaka zisanu, ndi manyazi a pakati pa mwezi, zonsezi amabwera nazo pamphasa yanu.

Tiwonjezerepo kuti m'tauni ana athu anakwatirana ndi anthu a mitundu ina, ena n'kulowa Chisilamu kudzera m'banja. Angoni, amene anachokera kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, anabwera ndi mwambo wa abale awo Azulu wosadya nsomba. Anali anthu a ng'ombe ndi mkaka. Lero pitani pa msika wa Lizulu kapena wa Tsangano muone milu ya usipa ikutha. Lilime la mtundu wonse linaphunzira, ndipo palibe mfumu imene inalamula. Zinachitika m'miphika ya amayi a Chichewa ndi Chimang'anja amene analowa m'mabanja awo. Palinso anansi athu a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene mishoni yawo ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902. Iwo sadya nsomba yopanda mamba monga mlamba ndi kampango chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo mlendo wotere tisamuyese n'komwe ndi nsomba zimenezo. Chimodzimodzi munthu amene akadya nsomba thupi limatuluka zidzolo, milomo kutupa kapena kupuma kuvuta: ameneyo ndi wodwala, malo ake ndi kuchipatala, ndipo palibe kaphikidwe kamene kangamuchize.

Za otsalawo, Sunnah yatipatsa kale njira. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira nkhani ya tsiku lina m'nyumba ya mayi wathu Maimuna (Allah asangalale naye), pamene panabwera nyama yowotcha ya dhabb, buluzi wamkulu wa m'chipululu amene Aarabu a ku Najd ankadya. Mtumiki atatambasula dzanja, mmodzi mwa amayi amene analipo anati auzidwe kaye chimene chili m'mbale. Atauzidwa, anabweza dzanja. Khalid bin Walid anafunsa ngati nyamayo ndi haraam, ndipo anayankhidwa kuti ayi, koma kuti sinkapezeka m'dziko la anthu a Mtumiki, choncho mtima wake sunkailandira. Khalid anakokera mbale kwa iye n'kudya, Mtumiki akuona. Taonani kuti munthu wolemekezeka kuposa onse anasiya chakudya cha halaal pachifukwa chomwecho chimene mdzukulu wanu wa ku Machinjiri ali nacho, choti sanakule nacho. Sanachinyoze, sanaletse wodya, ndipo Abu Huraira akutiuza kuti umenewu unali mkhalidwe wake pa chakudya chilichonse. Mwana wa m'tauni aphunzirepo kusiya mwaulemu, osakwinya mphuno. Ife tiphunzirepo kusamuimba mlandu. Ndipo nyama ya m'nyanja Mtumikiyo anaidya: asilikali a Abu Ubaida atapeza chinsomba chachikulu chotchedwa anbar pagombe m'chaka cha 8 cha Hijra, chotsala chake chinafika ku Madina ndipo iye anadyako.

Nanga bwanji osangowasiya anawo adye zimene akufuna? Chifukwa thumba la m'tauni silifika pa nyama tsiku lililonse, ndipo nsomba ikachoka pamphasa malo ake amatengedwa ndi masamba okha kapena tiyi ndi mkate. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kansomba kodyedwa konse ndi mafupa ake kamapereka zomanga thupi, zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi pamtengo umene nyama singaufike. Mayi amene sadya nsomba kawirikawiri saiphikanso, ndipo ana ake amakula osaidziwa. Apa ndi pamene pali nkhawa yathu yeniyeni.

Poyambira pabwino ndi minga, chifukwa mantha a munga ndiwo amatseka pakamwa pa ambiri. Munthu wotere musamuyambitse ndi mpasa, sanjika kapena nchila, ngakhale ife timazitama. Nsomba za mtundu umenewu zili ndi timinga tosongoka m'kati mwa mnofu weniweniwo, ndipo zimafuna lilime lozolowera. Muyambitseni ndi kampango. Alibe mamba, mnofu wake ndi wochindikala, ndipo fupa lake ndi la pakati limene ngakhale mwana amaliona. Zoterera za pakhungu zichotsedwe ndi phulusa kapena ndi mchere ndi madzi otentha, ndipo magazi akuda amene amabisala m'mbali mwa msana apalidwe onse, pakuti fungo limakhala mmenemo. Duladulani, pakani mchere, adyo wosinja ndi madzi a mandimu, musiye theka la ola. Zowawasa zimagwira tinthu timene timanunkhitsa nsomba kuti tisauluke kupita kumphuno. Amayi athu anazidziwa zimenezi asanamve za sayansi. Pukutani zidutswazo ziume, muziike m'mafuta otentha bwino, ndipo musazitembenuze mpaka zitasiya zokha chiwaya. Msuzi wa anyezi ndi tomato uphikidwe paokha kufikira mafuta abwere pamwamba, nsomba ilowemo kumapeto, kwa mphindi zochepa. Kulakwitsa kumene timakuona kwambiri ndi kuponya nsomba yaiwisi, tomato ndi madzi ozizira mumphika nthawi imodzi: nyumba yonse imadzaza fungo, ndipo wokana nsomba amakhala atakhuta asanasambe m'manja.

Kaphikidwe kachiwiri kamatibwezera ku Nkhotakota. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kumeneko kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Sitibisa kuti zombo za a Jumbe zinawolotsa akapolo ochuluka, ndipo imeneyo ndi mbali yakuda ya mbiri imene Msilamu woona sayenera kuipaka laimu. Koma m'nyengo yomweyo munafikanso ulimi wa mpunga ndi mitengo ya kokonati, ndipo mpunga wa ku Nkhotakota ukudyedwabe mpaka lero. Ku Zanzibar ndi ku Mombasa kuli kaphikidwe kotchedwa samaki wa kupaka, kamene kamakwanira chambo chathu ngati kuti kanapangidwira icho. Chambo chitumbulidwe, zofiira za m'mutu zimene chimapumira zichotsedwe, ndipo kakhungu kakuda ka m'mimba kapalidwe mpaka muyere, chifukwa kamawawa. Chitemeni m'mbali, pakani mchere, adyo ndi mandimu, muchiwotche pamakala opanda utsi. Pamoto wina phikani mkaka wa kokonati. Wopala kokonati amafinya kawiri: mkaka woyamba ndi wokhuthala, wachiwiri ndi wamadzimadzi. Wachiwiriwo ndiwo uphikidwe ndi anyezi, adyo, ufa wachikasu uja wa m'masala ndi madzi a bwemba. Woyamba ulowe kumapeto, moto utachepa, chifukwa ukabwata kwambiri umadukaduka. Msuziwo mupake pa chambo mbali zonse, chibwerere pamakala pang'ono, ndipo chiperekedwe ndi mpunga wa Kilombero kapena wa Faya. Utsi wa makala, mafuta a kokonati ndi kuwawasa kwa bwemba zimabisa chilichonse chimene mphuno ya m'tauni imaopa. Ku Limbe kokonati amapezeka, wambiri wochokera ku Mozambique. Akasowa, nsinjiro zosefa bwino zimagwira ntchito yofananako.

Tauni nayo inatipatsa chake. Amwenye a Chisilamu amene anadzaza masitolo a Limbe, makamaka boma litawachotsa m'misika ya kumidzi m'zaka za m'ma 1970, anali ndi makhitchini mmene abale athu ambiri ankagwira ntchito, ndipo samusa ndi masala zinatsika kuchokera mmenemo kulowa m'mapuloti. Samusa wa nsomba ndiye khomo losavuta kwa mwana. Wiritsani chambo kapena mcheni m'madzi ochepa a mchere ndi jinja, musiye zizizire, kenako sansulani mnofuwo ndi zala pamalo owala, kawiri konse, mpaka mutsimikize kuti mulibe munga. Ukazingeni ndi anyezi wambiri, adyo, masala ndi madontho a mandimu mpaka uume, pakuti zamadzi zimang'amba samusa m'mafuta. Mnofu womwewo mukausakaniza ndi mbatata ya kachewere yophika n'kuinyenya, n'kuumba timibulu, kuviika m'dzira ndi kukazinga, mumapeza chakudya chimene ana amalimbirana. Mbatata yambiri ya mu Blantyre imachokera ku Ntcheu ndi Dedza, kotero m'kambale kameneka munda wa Mngoni ndi khoka la Myao zimakumana. Nthawi yabwino yoyesera ndi ya futari m'mwezi wa Ramadhan, pamene munthu amalandira ndi mtima wofewa chimene chili patsogolo pake. Koma muuzeni kuti ndi nsomba. Amayi a m'nyumba ya Maimuna sanabise chimene chinali m'mbale, ndipo mpongozi amene adzazindikire mawa kuti munamupusitsa adzakayikira mphika wanu uliwonse.

Usipa ndiye mayeso enieni, chifukwa ndi umene thumba limakwanitsa ndipo ndi umene unalakwiridwa kwambiri. Kuwawa kwake kumachokera m'matumbo ndi m'ndulu. N'chifukwa chake usipa wofutsa, woviikidwa kaye m'madzi owira usanayanikidwe, umakoma kuposa wongoyanika, ndipo umagulidwa mokwererapo. Kwa woyamba kumene, dulani mitu ndi kukoka matumbo. Tikudziwa kuti m'mitumo muli zofunika m'thupi, ndipo akazolowera mudzaisiya, koma pa tsiku loyamba cholinga ndi choti abwerenso pa tsiku lachiwiri. Viikani m'madzi ofunda kwa mphindi khumi. Potsuka, vuulani nsombazo ndi manja kuziika m'mbale ina, madzi atsale m'beseni. Mukakhuthula madzi nsomba zili momwemo, mchenga umene unakhazikika pansi umabwereranso pa nsomba. Chitani kawiri. Kenako ziumitseni m'chiwaya chopanda mafuta mpaka zimveke kununkhira kwa zokazinga, ndipo pamenepo thirani mafuta, anyezi, kenako tomato, madzi ongokwanira kunyowetsa. Musavundule ndi mthiko, gwedezani mphika. Madontho a ndimu pomaliza. Matemba a ku Chilwa amafuna chisamaliro chomwechi. Mlamba wowamba, wa ku Chilwa kapena wa ku Chikwawa, ukatsukidwa ndi madzi otentha n'kutenderedwa ndi nsinjiro, umakopa makamaka okonda nyama, pakuti utsi ndi mtedza zimaufikitsa kufupi ndi nyama yofutsa imene amaidziwa.

Kwa khanda nkhaniyo ndi yaifupi. Usipa wofutsa woyera bwino ukazingidwe popanda mafuta, usinjidwe, usefedwe, ndipo ufawo usungidwe m'botolo louma lotsekeka. Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi, supuni yaing'ono ya ufawu ilowe m'phala pophika, kuyamwitsa kukupitirira mpaka zaka ziwiri zimene Surat Al-Baqarah imatchula. M'mera mpoyamba: mwana amene wakula ndi kukoma kumeneku sadzafuna kunyengereredwa ali ndi zaka makumi awiri.

Gawo lina la mlanduwu lili pagombe pathu pano. Mchenga umene umakukutika m'mano a mwana wa ku Bangwe ndi wa ku madoko athu, ndipo umapita chifukwa wina anayanika pansi thandala lilipo. Bonya amene wadzaza misika ndi nsomba zosakhwima, zambiri zophedwa ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti a udzudzu amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo. Lamulo la usodzi la 1997 linapereka mphamvu kwa makomiti a m'madoko, amene anayambira ku Malombe mu 1993, ndipo miyezi ya Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane. Koma ndi angati a ife amene timafunsa kumene chachokera chambo chogulitsidwa mobisa m'miyezi imeneyo? Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja yathu m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, n'kuletsanso mowa ndi njuga pachilumbapo, ndipo utaka wa kumeneko ukadali wonenepa.

Msewu umene unkatenga masiku pa njinga lero ndi wa maola ochepa. Basi yonyamuka pa Mangochi itatha swala ya Fajr imafika ku Limbe nthawi ya Dhuhr isanakwane. Chambo chimene chatumbulidwa pagombe pomwepo, n'kupalidwa m'mimba, n'kuikidwa m'bokosi la ayezi mimba itayang'ana pansi kuti madzi asakhalemo, chimafika pa mbaula ya ku Ndirande maso ake akadali owala. Potumiza, ikanimo mandimu asanu ndi kamtolo ka bwemba, ndipo muimbire foni mpongozi wanu kumuuza kuti makala akhale okonzeka.